Bambo ndi Malire a ku Hatta

Bambo anga anagwira ntchito yodinda mapasipoti a anthu ena moyo wawo wonse, koma ndege anaikwera koyamba atapuma kale pantchito, pamene ndinawaitana kuno ku Dubai kuti adzaone mdzukulu wawo. Mayi anali atabwera kale nthawi ya chikuta, n'kubwerera kukasamala munda. Bambo anadikira nyengo yozizira, chifukwa mayi anakawauza kuti dzuwa la kuno limawotcha ndi mthunzi womwe.

Ine ndinakulira pa kachipata kakang'ono ka malire a Malawi ndi Zambia, kutali ndi msewu wa phula. Panali ofesi ya chipinda chimodzi, mbendera, ndi mtengo wopingasa msewu umene anaumangirira mwala kumbuyo kuti uzinyamuka mosavuta. Nyumba yathu inali kuseri kwa ofesiyo. Tsiku lina pankadutsa lole imodzi, tsiku lina osadutsa kanthu, koma bambo ankasita yunifolomu yawo ndi simbi yamakala m'mawa uliwonse ngati kukubwera nduna.

Tsiku lofika, ine ndi mwamuna wanga tinaima pabwalo la ndege mpaka anthu onse a ndege yawo anatha kutuluka. Ndinayamba kuda nkhawa kuti mwina awagwira pa chinthu china, kapena asochera. Kenaka tinawaona akubwera pang'onopang'ono, jekete lawo lakuda lili pamkono, akucheuka m'mbuyo.

"Bambo, munachedwa kuti? Chikwama chinasowa?"

"Ayi, chikwama chinafika msanga kuposa ine. Ndinaima pambali kuonerera zitseko zagalasi zija. Munthu amangoima, n'kuyang'ana kutsogolo, chitseko n'kutseguka chokha. Palibe womufunsa kumene akupita."

"Nanga inuyo anakufunsani?"

"Mnyamata wa pakauntala anangondijambula m'maso, n'kundimwetulira. Ndinali nditakonzeka mayankho onse m'ndege muja. Palibe ndi limodzi lomwe limene ndinaligwiritsa ntchito."

Ankalankhula ngati munthu amene wamanidwa kanthu, koma maso awo anali owala.

Mwamuna wanga ndi wa ku Zambia, wa kum'mawa, ndipo amayendetsa galimoto yonyamula alendo okaona malo. Tinakumana kutchalitchi kuno. Ukwati tinakachitira kumudzi, koma unali wothamanga chifukwa tchuthi chathu chinali chachifupi, motero iye ndi bambo anangopatsana moni pamaso pa ankhoswe osachezerana. Mwamuna wangayo ankawaopa. Masiku onse tikukonzekera ulendowu ankandiuza moseka kuti, "Apongozi anga ni a imigireshoni, azayamba kunifunsa mapepala." Pabwalo la ndege paja anagwada ndithu pa matailosi, anthu akutidutsa ndi ngolo zawo za katundu, n'kuwomba m'manja pang'ono.

"Mwayenda bwanji, atate?"

"Tayenda bwino, bambo. Dzukani, anthu angaganize kuti ndine mfumu ya kwinakwake."

Tinkakhala ku Al Muraqqabat, m'nyumba ya chipinda chimodzi chogona, pamwamba pa sitolo ya mafoni. Bambo tinawayalira pabalaza. Ine ndimagwira ntchito yolandira alendo pahotelo ina yaing'ono pafupi pomwepo, ndipo mwezi umenewo ndinkalowa m'mawa, mwamuna wanga n'kumalowa masana. Pakati pa maola amenewo mwana ankatsala ndi agogo ake. Sindinkayembekezera kuti bambo angadziwe kusungunula mkaka kapena kusintha thewera, koma anaphunzira osadandaula. Madzulo ankamuika pa kangolo kake n'kumayenda naye m'mphepete mwa masitolo, pasipoti ili m'thumba la malaya, batani lotseka.

Sabata isanathe anali atadziwana ndi msewu wonse. Wometa tsitsi wa ku Pakistan, mlonda wa nyumba yathu wa ku Nepal, mayi wa ku Philippines wogulitsa mankhwala mu famase, onse ankawapatsa moni. Chimene chinkandichititsa manyazi n'chakuti bambo sankatha kucheza ndi munthu osamufunsa za viza yake. Ankafuna kudziwa kuti ndi yamtundu wanji, anamupezera ndani, imatha liti, ndipo ikatha amapita kuti.

"Bambo, kuno anthu safunsana zimenezo. Ena angaganize kuti ndinu kazitape."

"Kazitape wokankha mwana? Iwo omwe amakonda kufotokoza. Munthu aliyense kuno ali ndi nkhani ya pepala lake."

Zinalidi choncho. Wometa uja anafika powasonyeza chitupa chake n'kuwafotokozera mmene anasinthira abwana, uku akuwameta ulere.

Lamlungu lina madzulo anaimba foni achemwali anga aakulu, amene ndi namwino ku Texas, ku America. Tinaimika foni pa botolo la mafuta ophikira kuti tonse tizionekera. Atatha kusewera ndi mwana pagalasi, anayamba kudandaula za phokoso la pawailesi yakanema kwawoko. Anati atsogoleri a chigawo chawo akunena kuti awononga chuma chawo polondera malire ndi Mexico, pamene ntchitoyo ndi ya boma lalikulu, ndiye akufuna kuti boma lalikulu liwabwezere ndi kumawathandiza mtsogolo. Ena akuti ayi, chigawo chinadzipatsa chokha ntchito imene sichinatumidwe. Anatinso anzawo ena a kuchipatala, obadwira kunja ngati iwo, ayamba kuyenda ndi mapepala awo m'chikwama ngakhale popita kumsika, poopa kuti apolisi a chigawo angayambe kufunsa zimene kale ankafunsa a boma lalikulu okha.

Bambo anali atatsamira pampando, akuwodzera pang'ono. Anadzuka n'kusendera pafupi ndi foni.

"Tabwereza, mwana wanga. Ukuti ku America nakonso amakangana za amene agule mafuta a galimoto ya pamalire?"

"Si mafuta okha, bambo. Ndi mipanda, asilikali, ndende, zonse."

"Ndi nkhani imodzi yomweyo. Ine ndinkayesa kuti ndi matenda a ife osauka."

Anawafunsa mafunso ambiri mpaka achemwali anati iwo ndi namwino, si loya, ndipo nthawi yopita kuntchito yakwana. Foni itaduka, bambo anatembenukira kwa mkamwini wawo. Aka kanali koyamba kuwaona akumuyamba okha nkhani.

"Bambo a mwana, paja dziko lino nalonso ndi chitaganya?"

Mwamuna wanga anandiyang'ana. Mawuwo sanawadziwe. Ndinamufotokozera kuti ndi maiko angapo ophatikizana pansi pa boma limodzi, ngati mmene azungu anaphatikizira dziko lathu, lawo ndi Zimbabwe kalekale, bambo ali mwana.

"Ee, atate, ni conco. Dubai ili na mfumu yake, Sharjah yake, Abu Dhabi yake. Koma mbendera ni imodzi."

"Ndiye malire amalondera ndani? A Dubai kapena a boma lalikulu? Amalipira ndani?"

"Apo sinidziwa bwino. Nidziwa cabe kuti mapepala anga anacokera ku ofesi ya Dubai, koma mnzanga wa ku Sharjah ake anacokera ku ofesi ya boma lalikulu."

"Malire enieni, a pamtunda, ali kutali?"

"Ali ku Hatta, kumapiri. Nimapita kumeneko na alendo kukaona damu. Ukapitirira pang'ono ni Oman."

Bambo sanapemphe kuti tiwaperekeze kumeneko. Anangoti, "Kodi," n'kubwerera pampando wawo. Tili kuchipinda, mwamuna wanga anandinong'oneza kuti akapempha galimoto kwa abwana ake. Ine ndinali nditakonza zowatengera bambo ku nyumba yaitali ija imene aliyense amajambulitsapo, ndi kukwera bwato pa mtsinje wa ku Bur Dubai. Ndinamuuza kuti palibe munthu amabwera ku Dubai kudzaona mpanda.

"Awa abwera kuzaona mpanda," anatero iye. "Ukawapeleka ku mall azakondwela cabe kuti akukondweletse iwe."

Tinanyamuka tsiku limene tonse tinali pa ofu. Ndinaphika mpunga ndi nkhuku, ndinakazinganso mandasi. Bambo anavala jekete ndi tayi. Ndinawakumbutsa kuti tikupita kumapiri, osati kuukwati, koma anati munthu sapita pa ofesi ya anzake atavala ngati wokagula mbuzi. Anakhala kutsogolo, ine ndi mwana kumbuyo.

Nyumba zazitali zitatha, tinalowa m'chipululu. Mchenga unayamba woyera, kenaka wofiirira, ndipo m'mbali mwa msewu munali waya wotchinga ngamila kuti zisalowe mumsewu. Bambo ankafunsa pafupipafupi kuti tafika pati.

"Manje tili mu Sharjah, atate."

"Talowa liti? Sindinaone chipata."

"Kulibe cipata. Mukaona mamotoka ya apolisi yasintha mtundu, ndiye kuti mwacoka mu Dubai. Kutsogolo tizalowanso mu Dubai, cifukwa Hatta ni yao."

Bambo anagwedeza mutu, akuyang'ana pawindo. Mapiri anayamba kuoneka patali, akuda ndi opanda mtengo, ngati makala owunjika. Pamenepo ndi pamene anayamba kufotokoza za galimoto ya pa kachipata kathu. Ine ndinkaikumbukira galimotoyo, chifukwa tinkasewera mmenemo ndi azibale anga, koma mbiri yake sindinkaidziwa.

Anati chaka china kulikulu kunamveka kuti anthu ambiri akulowa m'dziko kudzera m'njira zam'tchire, ndiye anatumiza galimoto yatsopano yolonderera, yokwera mapiri bwino. Inafika ndi thanki yodzaza. Mafuta aja atatha, bambo anafunsa kulikulu, ndipo anawayankha kuti za mafuta zili m'manja mwa akuluakulu a khonsolo ya m'dera lathu lomwelo. Atapita kwa akuluakuluwo, anawauza kuti malire ndi a dziko lonse, iwo chuma chawo ndi cha misika, milatho ndi zipatala zazing'ono. Anabwerera kulikulu, n'kubwezedwanso. Mbali zonse ziwiri zinkawalandira bwino, kuwapatsa mpando ndi tiyi, ndipo aliyense ankalankhula zomveka.

"Palibe amene ankanama," anatero bambo. "Amenewa analibe, enawo analibenso. Koma galimoto inaima pansi pa mtengo wa mango mpaka nkhuku za amayi anu zinayamba kuikira mazira pampando wa dalaivala."

"Nanga munali kulondela bwanji, atate?"

"Pa njinga yakapalasa. Nthawi zina mnzanga wa mbali ya kwanu ankanditenga pa njinga yake yamoto. Iye mafuta ankalandira, koma ofesi yake inkadontha, ndiye nthawi ya dzinja mabuku ake ankasunga kwa ine. Tinkayendera limodzi mzere wonse, iye akuyang'ana kwawo, ine kwathu."

Mwamuna wanga anaseka, kenaka anafunsa kuti kachipatako kanali pafupi ndi phiri liti. Bambo atalitchula, iye anachepetsa liwiro la galimoto n'kuwayang'ana. Anatchula dzina la mudzi wa agogo ake akuchikazi, kumene anakhala ali wamng'ono asanapite kusukulu ku Chipata. Ine dzina limenelo ndinalimvapo kwa iye, koma sindinkadziwa kuti mudziwo uli kuseri kwa phiri limene ndinkaliona tsiku ndi tsiku ndili pakhonde pathu. Ankhoswe ake anachokera ku tawuni, ndipo nkhani ya mudziwo sinatulukepo.

"Mudzi wa pafupi ndi dambo lija la misale?" anafunsa bambo.

"Wamene uyo."

"Ndiye inu munkagayitsa kwathu. Chigayo cha kwanu chinali kutali."

"Amai anali kunibeleka kumbuyo, cimanga pamutu. Tinali kupita pa kanjila ka kumunsi kwa ofesi."

"Ndinkakuonani. Loweruka m'mawa munkadutsa mzere, azimayi okhaokha ndi ana. Madzulo n'kubwerera mutayera ndi ufa."

"Simunali kutigwila?"

"Ndikugwireni chifukwa cha mgaiwa? Akazi a kwathu nawonso ankapita kusikelo kwanu, chifukwa chipatala chanu chinali pafupi. Uyu," anandiloza ndi chala chachikulu osacheuka, "katemera wake woyamba anabayitsa ku Zambia."

Zimenezo sindinkazidziwa. Kuyambira pamenepo awiriwo anandiiwala. Anayamba kutchulirana mitsinje, misika ya pa Lachinayi, mphunzitsi wina wamtali amene ankaphunzitsa mbali ino koma ankagona mbali inayo. Mwamuna wanga, amene kwa masabata ankayankha bambo ndi mawu amodzi amodzi maso ali pansi, tsopano ankawadula pakamwa. Ine ndinayamwitsa mwana n'kumamvetsera.

Titayandikira Hatta, mpanda unaonekera. Unali wautali, wa waya wolimba, ukukwera phiri ndi kutsika osaduka, ndipo pambali pake panali kamsewu koyendamo galimoto zolondera. Pena ndi pena panali mizati yokhala ndi makamera. Bambo anasendera pawindo. Anautsatira ndi maso mpaka pamene unabisika kuseri kwa thanthwe.

"Atate, pa cipata peni-peni sitingaime, ndipo saloleza kujambula. Tizatembenuka pafupi, muzaona cabe tili mu motoka."

"Ndikudziwa, bambo. Inenso sindinkalola."

Tinaona denga lalikulu loyera, misewu ingapo yolowera, malole ataima pamzere wawo, ndi magetsi aatali. Mwamuna wanga anayendetsa pang'onopang'ono mmene akanathera, n'kutembenuka. Chapafupi panali malo omwetsera mafuta ndi kasitolo ka tiyi, ndipo tinaima pamenepo kuti ndisinthe mwana thewera.

Ndikutuluka m'chimbudzi cha azimayi, ndinapeza bambo mulibe m'galimoto. Anali ataima pafupi ndi galimoto ina yaikulu ya boma, akulankhula ndi msilikali wa yunifolomu amene anali ndi kapu ya pepala m'manja. Kuno timaphunzira msanga kuti wa yunifolomu umamupatsa moni n'kupitirira. Mwamuna wanga anali ataima chapatali, akukanda m'mutu.

"Unawalekeranji?" ndinamufunsa.

"Ninapita kugula madzi. Pobwela napeza ayamba kale."

Ndinapita ndi mwana m'manja, nditakonzeka kupepesa. Msilikaliyo anali wa msinkhu wanga, wandevu zometedwa bwino. Bambo anali atamuuza kale m'Chingerezi chawo chakale cha kusukulu ya mishoni kuti iwonso anali wa pamalire ku Africa, ndipo anapuma. Iye anaika dzanja pachifuwa, n'kuwatcha amalume m'Chiarabu, monga achitira anthu a kuno kwa munthu wamkulu. Anaitana wa m'sitolo kuti abweretse tiyi wa karak, uja wamkaka wambiri ndi zonunkhira, wa bambo ndi wanga.

Anawafunsa kuti malire a kwathu ndi otani. Bambo anati ndi minda ya chimanga, ndipo munda wina umayamba m'dziko lina n'kuthera m'dziko linzake. Iye anaseka, n'kunena kuti agogo ake ankanena zomwezo za mapiri amenewa, kuti kale mbuzi zinkadya mbali zonse ndipo abale ake ena mpaka lero ali ku Oman.

Kenaka bambo anafunsa funso lawo. Analoza galimoto ija.

"Mwana wanga, ndikhululukire, ndi funso la munthu wokalamba. Mafuta a galimoto iyi amagula ndani? Boma la Dubai kapena boma lalikulu?"

Msilikali uja anayang'ana galimoto yake ngati akuiona koyamba. Anaganiza ndithu. Anati zinthu zina pamalirepo ndi za boma lalikulu, zina ndi za Dubai, ndipo pali maofesi angapo amene amagwirira limodzi, koma za mafuta sanayambe wafunsapo.

"Amalume, zimenezo amadziwa ndi akuluakulu. Ine ndikatembenuza kiyi, imalira."

Bambo anaseka mpaka tiyi anatayikira pa nsapato zawo. Anaseka nthawi yaitali, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, ndipo msilikaliyo anayamba kuseka nawo ngakhale sankadziwa chifukwa chake. Atapuma, anamufotokozera mwachidule za galimoto ya pansi pa mango ndi nkhuku za mayi. Iye anapukusa mutu, n'kunena kuti ntchito yotero sakanaitha.

Koma anawonjeza kuti nawonso ali ndi zawo. Anatsegula kumbuyo kwa galimoto n'kutisonyeza makatoni a madzi akumwa. Anati nthawi yotentha amapeza anthu amene anayesa kudutsa m'mapiri wapansi, ofuna ntchito, atatheratu ndi ludzu, ena osatha ndi kuima komwe. Lamulo limatsatidwa, anatero, munthuyo amapita kumene ayenera kupita, koma choyamba amamwa madzi.

Bambo anayang'ana makatoniwo. Anamuuza kuti kwathu anthu otero ankawapeza m'nyengo ya mvula, atanyowa, ochokera kutali kumpoto kwa Africa, osadziwa ndi dziko limene alimo. Chakudya cha anthu osungidwa sichinkabwera, ndiye mkazi wawo ndi amene ankawaphikira podikira galimoto ya apolisi. Ine ndinawakumbukira anthu amenewo. Ankakhala pakhonde la ofesi atafunda mabulangete athu, ndipo ife ana tinkawasuzumira pa ngodya.

Wailesi ya msilikaliyo inalankhula. Anamaliza tiyi wake, n'kugwira kaphazi ka mwana wanga, n'kugwirana chanza ndi bambo ndi manja awiri.

"Yalla, ndapita amalume, ntchito ikuitana. Mulungu akupatseni moyo wautali."

"Shukran," anatero bambo pothokoza. Mawu amenewo anawaphunzira kwa wometa uja.

Chakudya tinakadyera kudamu. Madzi ake ndi obiriwira, ozunguliridwa ndi mapiri, ndipo mabanja ambiri anali akupalasa timabwato tamitundumitundu. Tinayala chitenje pamthunzi. Bambo anavula jekete, kenaka tayi, n'kupinda manja a malaya. Anadya bwino kuposa tsiku lina lililonse chibwerereni. Mwamuna wanga atapita kukataya mafupa, ndinawafunsa chimene chinali mumtima mwanga.

"Bambo, sizikukupwetekani? Kuona zonsezi, inu munkayenda pa njinga?"

Anatenga ndasi n'kuligawa pakati.

"Kaduka pang'ono kalipo, ndisaname. Galimoto ija ndikanaiyendetsako ngakhale chaka chimodzi. Koma ntchito yanga ndinkaikonda, mwana wanga. Ndinkadziwa aliyense wodutsa, ndi amayi ake omwe. Chimene chinkanditopetsa ndi kuyenda ndi chipewa m'manja kukapempha zinthu za ntchito ya boma, ngati ndikupempha za m'nyumba mwanga."

"Ndiye kwa achemwali kuja, olondola ndani?"

"Sindikudziwa za kumeneko, ndangomva mbali imodzi pafoni. Kwa ine, malire ndi a dziko lonse. Wa pakati pa dziko amagona tulo chifukwa wina ali maso kumalire, ndiye onse asonkhe. Koma wotumiza chuma azifunsanso kuti chikukagwira ntchito yanji. Chikakhala chothamangitsira anamwino pamsika, ndiye kuti chasochera. Ndipo asanagule mpanda ayambe afunsa anthu okhala pamenepo kuti chigayo chili mbali iti."

Atatero anaimirira. Anatenga mdzukulu wawo n'kupita naye m'mphepete mwa madzi, akumulozera timabwato. Mwamuna wanga atabwera anawatsatira, ndipo ndinawaona ataima limodzi, wina akuloza phiri, wina akugwedeza mutu. Ndinagona chagada pachitenje paja. Kamphepo kankawomba kozizira bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire mwanayo ndinagona tulo masana popanda wondidzutsa.

Masiku otsalawo tinawaperekabe ku nyumba yaitali ija ndi kukakwera bwato ku Bur Dubai. Anayamikira zonse mwaulemu, n'kugulira mayi nsalu ziwiri kwa amwenye a m'misika yakale. Koma aliyense wowafunsa kuti aona chiyani ku Dubai, kaya wometa, kaya anzathu a kutchalitchi, ankamuuza za Hatta. Anaimbiranso achemwali ku Texas kuwauza kuti akamva mmene mkangano wawo uja wathera awadziwitse. Achemwali anati mikangano ya kumeneko siitha, imangosintha oyankhula.

Tinawapempha kuti tiwawonjezere viza akhale mpaka Isitala, popeza mwana anali atawazolowera. Anakana. Anati fodya wa mng'ono wawo akufuna anthu, ndipo mayi akhala okha nthawi yaitali. Pabwalo la ndege mwamuna wanga anafunanso kugwada, koma bambo anamugwira paphewa n'kumukumbatira, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita ndi ana awo aamuna omwe.

Chaka chotsatira tinapita kutchuthi. Bambo anabwereka galimoto ya mnzawo, ndipo tinadutsa pa kachipata kathu kakale kupita kukaona agogo a mwamuna wanga, amene anali asanaonepo mwana. Ofesi ija anaipaka utoto, ndipo padenga pali magetsi a dzuwa. Mtsikana amene anatidindira mapasipoti sankawadziwa bambo, ndipo iwo sanadzitchule. Anayankha mafunso ake onse bwinobwino, n'kumuthokoza.

Masiku ano bambo amaimbirana ndi mkamwini wawo Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi, ine n'kumangopatsidwa foni kumapeto kuti ndipereke moni. Nkhani imene ali nayo pano ndi ya malo. Tikufuna kumanga nyumba yoti tidzakhalemo tikadzatopa ndi Dubai, ndipo agogo aja atilonjeza malo kumbali ya kwawo, bambo nawonso atisungira ena kumbali ya kwathu. Awiriwo amakambirana za nthaka, za madzi, za msewu umene udzayambe kuikidwa phula. Ine ndinawauza kuti ndikufuna kumene kuli sukulu yabwino ndi netiweki ya foni, zinazo agwirizane okha. Mpaka pano sanagwirizane, ndipo sindikuona kuti akufulumira.